Sindinamwe, Sindipepesa

Gulu: Kwa Amayi 🏠
Amayi, Achimwene, Wambewa

LACHIWIRI

07:12 Achimwene: waiona video?

07:12 Achimwene: iwe Wambewa tasiya mbewa zakozo utsegule foni

07:31 Wambewa: mu lab sitilowa ndi foni achimwene. video yanji mmawa uno

07:32 Achimwene: 📹 0:41

07:32 Achimwene: ili mu group ya makolo a kusukulu. mlamu wako amutumizira anzake akuntchito. pansi alemba kt "dalaivala wa basi ya ana athu, kuledzera dzuwa likuswa mtengo"

07:35 Wambewa: ayi ayi

07:35 Wambewa: awa ndi amayi?

07:36 Wambewa: taonani malaya anyowa onse ndi thukuta. akulephera kuima. ndipo anthu angozungulira nkumajambula??

07:37 Achimwene: tamvera mawu. lilime likulemera. munthu osawadziwa anganene chani

07:50 Amayi: Ndili momwemuno. Musandikambe ngati maliro.

07:51 Wambewa: mami muli kuti? muli bwanji?

07:58 Amayi: 🎤 1:52
Ndili kunyumba, andiimitsa ntchito. Mverani, ndinene kamodzi chifukwa pakamwa pauma ndi kufotokoza. Dzulo nditatsitsa ana m'mawa, bwana wa mabasi uja anandituma kuti nditenge ana a mpira ndipite nawo ku bwalo lakutali lija, dalaivala wawo sanabwere. Ndinamuuza kuti bwana, ine ndine wa shuga mukudziwa, ndidye kaye. Akuti mudya pobwera mayi, chakudya sichithawa. Pobwerapo nthawi yoweruka inali itakwana, ana ali kale pageti ndi zikwama zawo. Ndinangowakweza. Titadutsa pomwetsera mafuta paja, manja anayamba kunjenjemera pachiwongolero. Thukuta ngati andithira ndowa. Msewu ndikuuona uwiri. Ndinakhotera kumbali, kukoka handibuleki, kuzimitsa, kiyi m'thumba. Ndinatsika kuti ndipitidwe mphepo, miyendo n'kukana. Zotsalazo mwaziona nokha, ine sindikuzikumbuka. Ndinadzidzimuka nditakhala pakreti, mayi wina wogulitsa zipatso akundimwetsa chakumwa chotsekemera. Mwana ngakhale mmodzi sanakandike. Basi.

08:01 Wambewa: mmawa munadya chani

08:02 Amayi: Tiyi.

08:02 Wambewa: ndi chani

08:02 Amayi: Ndi kapu.

08:03 Achimwene: kkkk amayi si nthawi yake

08:03 Wambewa: mapiritsi munamwa? tajambulani paketi

08:09 Amayi: 📷

08:09 Amayi: Awiri. Kuchipatala anawonjezera mwezi watha.

08:10 Wambewa: glibenclamide. awiri. pa tiyi yekha mpaka madzulo

08:10 Wambewa: mami shuga anatsika. munatsala pang'ono kukomoka

08:12 Amayi: Wanga amakwera. Ndi chifukwa chake ndimamwa mankhwala.

08:12 Wambewa: ndikufotokozerani bwino ndikatuluka, maselo anga akundidikira. lero musadumphe chakudya pls

13:20 Achimwene: ok ndayankhula ndi bwana wa mabasi. anabwera ku shop kudzatenga matayala

13:21 Achimwene: akuti komiti ikumana lachisanu. ahedi, wapampando wa makolo ndi iyeyo

13:22 Achimwene: akuti nkhani ndi yophweka. amayi angovomera kt analawa pang'ono lamulungu pa chisangalalo china, sanazolowere, unawatsalira mmutu. apepese kwa makolo. awapatsa chenjezo, akhale panyumba kanthawi, kenako abwerere pa basi. madalaivala ndi osowa

13:23 Achimwene: koma akanena za matenda akuti nkhani ipita ku insurance ndipo chiwongolero achiiwale

13:40 Achimwene: amayi?

13:58 Amayi: 🎤 0:37
Iwe. Unali ndi zaka zingati pamene tinkakatola bambo ako m'ngalande, ine kumutu iwe kumiyendo? Botolo linandilanda mwamuna, ndinakulerani ndi chiwongolero chimenechi. Mowa sunadutsepo pakhosi panga chibadwire. Lero ndikaime pamaso pa anthu ndinene kuti ndinalawa? Kamuuze bwana wakoyo kuti akalawe yekha.

14:00 Achimwene: ndi mawu chabe amayi. aliyense akudziwa kt simumwa

14:01 Amayi: Ngati aliyense akudziwa, video ija yafika bwanji mpaka kwa mkazi wako?

14:02 Achimwene: ndikungofuna ntchito isathe. pa msinkhu wanu akulembaninso ndani

14:02 Amayi: Sindinamwe. Sindipepesa.

LACHITATU

06:40 Wambewa: mwadzuka bwanji mami. mwadya?

06:44 Amayi: Ndadya. Fotokoza zija. Ndinakuphunzitsa mpaka ku yunivesite kuti uziweta mbewa, lero zindithandize.

06:52 Wambewa: 🎤 2:05
Chabwino, mvetserani ngati mmene mumatiuzira ife. Kuseri kwa chifu kuli kapamba. Mkati mwake muli timaselo topanga insulini, ija imachotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'minofu. Timaselo timeneti ndi timene ndimachotsa mu mbewa zanga n'kumationera pa makina tsiku lonse. Kaselo kalikonse kali ndi timakomo. Munthu akadya, shuga akakwera, kaselo kamatseka khomo limodzi, lotulukira mchere wina wotchedwa potaziyamu. Likangotsekeka limenelo, khomo lachiwiri limatseguka, kashiyamu n'kulowa. Kashiyamu ameneyo ndi amene amakankha insulini kuti ituluke. Shuga akatsika, khomo loyamba limatsegukanso, kashiyamu amasiya kulowa, insulini imaima. Thupi limadziwa lokha poimira. Tsono mapiritsi anuwo amapita kukatseka khomo loyamba lija okha, osafunsa ngati mwadya. Kashiyamu amangolowabe, insulini imangotulukabe, ikapeza shuga wochepa imasesa yemweyo. Ndiye ubongo chakudya chake ndi shuga. Ukamusowa, munthu amadzandira, lilime limalemera, thukuta, kuyankhula zosamveka. Ndendende munthu woledzera. Ngakhale kuchipatala amatha kusokoneza akapanda kuyeza.

06:58 Achimwene: kashiyamu wa mmafupa yemweyu? nde asiye mkaka?

06:59 Wambewa: ayi achimwene kkk mkaka ulibe mlandu. kashiyamu amakhalamo kale mthupi, nkhani ndi khomo

07:00 Wambewa: 📹 0:30

07:01 Wambewa: awa ndi maselo enieni, ndinajambula sabata yatha. timawathira utoto womwe umawala green kashiyamu akalowa. poyamba pali mdima, shuga ndi wochepa, maselo akupuma. pakati ndathira shuga, taonani akuthwanima onse pamodzi, kuyaka kuzima ngati indicator. kenako ndachotsa shuga, azima

07:02 Wambewa: chakumapeto shuga mulibe koma ndathira mankhwala a mtundu wanuwo

07:06 Amayi: Ayaka.

07:06 Wambewa: eya

07:06 Amayi: Popanda chakudya.

07:07 Wambewa: popanda chakudya. ndi zimene zimachitika mwa inu lolemba pa chiwongolero

07:11 Amayi: Ndiye kuti ndi basi yopanda mabuleki.

07:11 Wambewa: mabuleki ake ndi mbale yanu ya masana. bwana uja ndi amene anawachotsa

07:15 Amayi: Ndikawataya kuchimbudzi onse.

07:15 Wambewa: AYI

07:16 Wambewa: mami ayi. si poizoni, athandiza anthu ambiri, kungoti alibe maso. mukangosiya shuga akwera mpaka kumwamba. pitani kwa adokotala muwauze zonse, alipo ena omwe sakakamiza kapamba chonchi. osankha ndi iwowo, ine ndine wa mbewa

07:18 Achimwene: zokongola zonsezi. koma ukudziwa chimene wachita? wangotsimikiza zimene bwana akunena. kt munthu amene angagwe nthawi iliyonse asanyamule ana

07:19 Amayi: Sindinagwe. Ndinaimitsa basi.

07:19 Achimwene: mufunseni mwana wanuyo ngati sizingachitikenso

07:20 Amayi: Ayankhe.

07:26 Amayi: Wambewa ndikudikira.

07:29 Wambewa: zingachitikenso

07:30 Wambewa: mapiritsi amenewa amakhalitsa mthupi. pa mlingo umenewu, ndi ntchito yoti nthawi ya chakudya amakusankhirani ndi ena, zingachitikenso. lolemba linakuchenjezani ndi manja. tsiku lina mwina silichenjeza

07:31 Wambewa: lachisanu mukanene zoona kt simunamwe. koma musayendetse ana mpaka mankhwala asinthidwe ndipo shuga akhazikike. ngakhale komiti itakulolani

07:33 Amayi: Nawenso?

07:33 Wambewa: mami

07:35 Amayi: 🎤 0:44
Uyu akufuna ndikhale chidakwa, uyu akufuna ndikhale chigonere. Ana amene ali pa basi ija ena ndinanyamulanso amayi awo ali ndi mamina. Msewu uja ndimaudziwa dzenje ndi dzenje. Basi ija sinakhudzepo ngakhale nkhuku. Lero mwana wobereka ndekha akundiuza kuti ndine ngozi chifukwa waona nyali zobiriwira m'mbewa? Ine si mbewa.

07:36 Amayi atuluka pagulu

07:37 Achimwene: waona

07:37 Achimwene: ukanangoti sizingachitike

07:38 Wambewa: ndiwanamize? pa basi pamakhala ana a anthu

07:39 Achimwene: ine ndikanama ndine oipa, iwe ukanena zoona atuluka. tonse tili panja kkk

07:40 Wambewa: sizoseketsa. mwana wanu akanakhala pa basi ija mukanati chani

07:52 Achimwene: usandifunse zimenezo

09:15 Wambewa: 📞 foni yosayankhidwa

12:30 Wambewa: sakuyankha. mwadutsako?

12:48 Achimwene: ndinapita. anandiyankhira pa windo kt ali moyo. chitseko osatsegula

12:49 Wambewa: anadya?

12:49 Achimwene: ndinamva fungo la anyezi

16:05 Wambewa: achimwene ndikufunseni chinthu. bwanayu akulimbikira chani kt avomere mowa? munthu wabwinobwino angakonde dalaivala oledzera kuposa odwala?

16:20 Achimwene: akuti akuwathandiza

16:21 Wambewa: akudzithandiza. ukakhala mowa olakwa ndi amayi okha. akakhala shuga anthu afunsa kt anawaletsa kudya ndani

16:22 Wambewa: mwaiona imeneyo?

16:50 Wambewa: achimwene

17:34 Achimwene: mabasi onse a sukulu ija matayala amagula kwa ine. dzulo anandikumbutsa

17:35 Wambewa: eish

17:35 Achimwene: usawauze

17:36 Wambewa: muwauze nokha. ine ndatukwanidwa kokwanira lero

LACHINAYI

10:02 Wambewa: 📞 foni yosayankhidwa

11:47 Achimwene: andiimbira. akuti ndiwabwezere mu group, sakudziwa pobwerera kkkk

11:48 Achimwene alowetsa Amayi

11:50 Amayi: Sindinabwere kudzapepesa.

11:50 Wambewa: takulandirani mami

11:57 Amayi: 🎤 1:40
Dzulo ndinakhala pansi n'kuionera video ija mpaka kumapeto. Masiku onsewa ndimangoyamba n'kuzimitsa. Sindimadziyang'ana ine, ndimayang'ana kumbuyo kwanga. Mwaona pamene basi inaima? Patsogolo pake pali chikwangwani chija cha mtsetse. Ndikanalimba mtima pang'ono, kunena kuti ndifike kaye pa siteji, zikanandipeza tikutsika kulowera pa mlatho. Ndipo pa mawindo nkhope zili ndandanda, ana akundiyang'ana. Kamtsikana kena kamene kamakhala kumbuyo kwanga kagwira pakamwa. Ndinazimitsa foni. M'mawa uno ndinapita kuchipatala ndekha, palibe anandituma. Adokotala andiyeza, andifunsa, ndawaonetsa video yanga, ndawaonetsanso ya mbewa. Aseka, akuti mwana wanuyo abwere adzatiphunzitsire anamwino. Andichotsa pa mapiritsi aja, andipatsa ena. Akuti ndizidzibaya chala m'mawa ndi madzulo, ndipo chiwongolero ndisachigwire mpaka adzaone okha kuti zakhazikika. Ndiye Wambewa usadzitame. Ndamvera adokotala, osati iwe.

11:59 Wambewa: 😭 ndavomera

12:00 Wambewa: akulemberani kalata?

12:01 Amayi: Alemba. Koma akuti iwo kunalibe lolemba, palibe anandiyeza pamsewu paja, ndiye angolemba kuti zikufanana ndi shuga wotsika. Zotsalazo ndikanene ndekha.

12:02 Wambewa: ndipempha tchuthi mawa ndibwere ndikafotokoze

12:04 Achimwene: akuti achibale salowa

12:04 Amayi: Ngakhale akanalola. Mlandu ndi wanga, pakamwa ndi panga.

12:10 Achimwene: amayi ndili ndi mawu

12:11 Achimwene: bwana uja anandiuza kt mukakanena za chakudya chija, matayala azikagula kwina. ndi chifukwa china chimene ndimakukakamizirani. osati chokhacho koma china

12:25 Amayi: Ndimadziwa.

12:25 Achimwene: mumadziwa bwanji

12:26 Amayi: Ukamanama umalemba mauthenga ataliatali. Chiyambire uli mwana.

12:27 Amayi: Uli ndi ana, ndikumva. Sindikuuza chochita ndi shopu yako. Koma dzina langa si tayala, sulipereka pa kauntala.

12:40 Achimwene: ndikutengani mawa mmawa

15:14 Amayi: 🎤 0:33
Tamvera ngati ndakhoza. Mu kapamba muli maselo. Maselo ali ndi makomo. Mankhwala amatseka khomo la... la potasi, feteleza uja, ndiye kashamu amalowa...

15:16 Wambewa: kkkkkkk potaziyamu mami. koma feteleza uja alinso ndi yemweyo, simunaphonye kwambiri

15:16 Achimwene: komiti iganiza kt mwamwanso

15:17 Amayi: Iwe khala chete.

15:18 Wambewa: mayina asiyeni. nenani za makomo awiri, loyamba likatsekedwa lachiwiri limatseguka, insulini imatuluka mwadya kapena simunadye. kenako muonetse video

15:30 Amayi: Akandifunsa kuti nanga maselo akamayaka choncho masiku onse satopa?

15:31 Wambewa: funso limenelo ndi limene ndikufufuza chaka chonsechi. yankho lenileni sindinalipeze

15:32 Amayi: Ndiye mbewa zonse zija zikufera chiyani?

15:32 Wambewa: 💀

LACHISANU

08:41 Achimwene: tafika. avala yunifomu yosita, mzere wa thalauza ungadule munthu

08:42 Wambewa: adya?

08:42 Achimwene: adya, adzibaya chala, nthochi ili mchikwama. usandivutitse

08:55 Achimwene: bwana wandipeza pa car park. akuti mwawalangiza amayi? ndamuuza kt andilangiza ndi iwowo

08:56 Wambewa: achimwene 👏

08:56 Achimwene: usaombe mmanja, komiti sinayambe

09:03 Achimwene: alowa. office ya ahedi, ndikuona pa windo ndili pa benchi

09:19 Achimwene: amene akuyankhula ndi wapampando wa makolo. akuloza foni yake

09:20 Wambewa: amayi?

09:20 Achimwene: angokhala. manja pa chikwama

09:34 Achimwene: aimirira

09:35 Achimwene: awauza kt akhale, akana

09:41 Achimwene: iwe akuonetsa mbewa zako!! ahedi avala magalasi. onse aweramira foni

09:42 Wambewa: ndili mu toilet ya ku lab ndikulira

09:50 Achimwene: bwana akukupiza manja. mawu akwera koma sindikumva

09:58 Achimwene: atuma mlonda. wabwera ndi mphunzitsi wa masewera, wa tracksuit uja

10:20 Wambewa: ??

10:37 Wambewa: achimwene chikuchitika ndi chani

10:52 Achimwene: atuluka. sakuseka sakulira. akudya nthochi

11:06 Amayi: 🎤 2:31
Ndili m'galimoto ya mchimwene wako. Zinayenda chonchi. Wapampando anayamba ndi kundionetsa video, akuti mayi, ana athu tinakupatsani, tayang'anani. Ndinati ndayang'ana kale, kuposa inu. Bwana n'kulowererapo, akuti amayiwa ndi munthu wamkulu, angovomera kuti analakwitsa kamodzi, tiwakhululukire. Mawu okoma ngati uchi. Ndinaimirira. Ndinati mowa sindinamwe, ndipo amene akufuna ndinene kuti ndinamwa andiuze anandigulira ndani. Ndiye ndinafotokoza za makomo. Sindinaphonye, ngakhale kashiyamu ndinamutchula bwino. Nditaonetsa nyali zija zikuyaka popanda chakudya, wapampando anati dikirani, bwerezani. Kenako akuti mayi ake amamwa mapiritsi omwewo ndipo tsiku lina anawapeza akutukwana mpando. Ahedi anafunsa kuti nanga munalekeranji kudya? Ndinati funsani amene wakhala kumanzere kwanuyo. Bwana akuti sakukumbuka kuti ndinamuuzapo za shuga. Ndinati mphunzitsi wa masewera anali pomwepo atanyamula thumba la mipira, muitaneni. Mnyamata uja anabwera, anayang'ana bwana, anayang'ana ine, n'kunena kuti ee, anati chakudya sichithawa. Basi. Ahedi anati mawu oti kuledzera achoke. Kenako anayamba kuzungulira, akufuna kundiuza za chiwongolero koma akusowa poyambira. Ndinawathandiza. Ndinatulutsa makiyi n'kuwaika patebulo ndekha. Ndinati ana awa sindiwanyamula mpaka adokotala atanena, ndipo si inu mwandiletsa.

11:09 Wambewa: MAMI

11:09 Wambewa: nde ntchito?

11:11 Amayi: Akuti adzaona adokotala akadzalemba. Akuti a insurance nawonso ali ndi mawu awo. Mwina ndibwerera, mwina ayi.

11:12 Wambewa: mwina ayi?

11:12 Amayi: Wamva.

11:14 Amayi: Ndapempha chinthu chimodzi. Video inayenda mu gulu la makolo, ndiye choonadi chiyendenso momwemo. Ahedi auza bwana kuti alembe iyeyo, ndi dzina lake, kuti dalaivala sanaledzere. Wayankha kuti tiona.

11:20 Achimwene: wandidutsa ngati mtengo. matayala apita amenewo

11:21 Wambewa: pepani achimwene

11:22 Achimwene: magalimoto sanathe mdziko. koma amayi munaiona nkhope yake pamene mumati anandigulira ndani kkkkk ndinamva mpaka pa benchi

11:23 Amayi: Yendetsa galimoto usiye foni.

LOWERUKA

09:30 Wambewa: bwana alemba?

09:48 Achimwene: mlamu wako akufunsa anzake a mu group ya makolo. palibe

17:12 Achimwene: palibebe. wina waikanso video ija ndi nyimbo

17:40 Wambewa: mami musaione

17:44 Amayi: Ndaiona. Nyimbo yake ndi yoipa.

LOLEMBA

06:18 Amayi: Akuimba.

06:19 Wambewa: ndani

06:19 Amayi: Bwana.

06:20 Achimwene: mamawa ano? akufuna chani

06:23 Amayi: Watumiza uthenga. Dalaivala watsopano sakudziwa masiteji, wasiya ana pa msika, wasochera kuseri kwa chipatala. Makolo akuimba ngati moto. Akuti ndikwere nawo ndizimulozera njira, kwa sabata imodzi yokha. Akuti "mayi wathu".

06:24 Achimwene: lachisanu munali chidakwa lero ndinu mayi wathu

06:24 Achimwene: koma amayi mwina ndi khomo lobwererera limeneli. ganizani

06:25 Wambewa: kukhala pampando sikuyendetsa, adokotala sangaletse. zili kwa inu

06:27 Amayi: Ana asavutike. Masiteji onse ndawalemba, ndatumiza kwa ahedi ndi kwa dalaivalayo. Ndamuuzanso za kamnyamata kamene kamagona kumpando wakumbuyo, aziyang'ana asanatseke.

06:28 Wambewa: nanga bwana mwamuyankha?

06:29 Amayi: Mlamu wako afunse anzake a mu gulu la makolo. Walemba?

06:33 Achimwene: sanalembe

06:34 Amayi: Akuimbanso.

06:34 Wambewa: muyankha?

06:35 Amayi: Ilire.